Nsapato za Agogo za Lachisanu

Ndinayambitsa ndine. Ndanena poyambirira pomwe kuti wina asavutike n'kufufuza. Nyuzipepala imene inapezeka m'nsapato za agogo pakhomo la mzikiti ndinaikamo ndine, ndipo mpaka lero ndikakumbukira mmene ankadumphira ndi mwendo umodzi, mkanjo atagwirira m'mwamba, ndimaseka ndekha m'takisi anthu n'kumandicheukira.

Agogo amenewa anali bambo awo a amayi anga. Tinkakhala atatu ku Sydenham, mumzinda wa Durban, m'tizipinda ta kuseri kwa nyumba ya eni ake: amayi kuchipinda, ine ndi agogo pabalaza, pomwenso panali pophikira. Amayi amalawirira kukakonza zipinda za alendo pahotela ina ku Umhlanga, amabwerako atatheratu. Agogo anali telala. Makina awo ankakhala pakhonde la sitolo ya nsalu ku Overport, ndipo ntchito yawo yambiri inali yofupikitsa mathalauza ndi kusintha mazipi. Ku Mangochi anachokako ine ndisanabadwe. Amayi anawalondola ine ndili kumsana.

Shuga anali naye kuyambira kalekale, moti ine sindinkamuwerengera ngati matenda. Ndinkangoona ngati ndi mbali ya agogo, ngati ndevu zawo. Tiyi wosathira kanthu, mapiritsi m'mawa, thupi louma. Lamba wawo anali ndi mabowo owonjezera amene anaboola okha ndi msomali. Kumudzi anthu akaona zithunzi ankadandaula: munthu zaka zonsezi ali ku Joni, thupi osabwera ayi? Mawu amenewo ankawapweteka agogo kuposa mmene ankaonetsera.

Panjira agogo anali ndi mawu awiri okha a ku Joni kuno, ongovomerera: yebo ndi shapu. Chichewa chinkathera pageti. Tikakwera takisi ine n'kuyamba dala kuwalankhula mwakwathu, ankanditsina pantchafu osandiyang'ana. Ine ndinakulira kuno, Chizulu changa sichindiulula, ndiye mantha awo ndinkangowaseka. Koma anali ndi chifukwa. Tsiku lina atapita kukiliniki kukatenga mankhwala anapeza anthu ataima pageti, osati ogwira ntchito pamenepo, akufunsa aliyense mapepala, kumvetsera kalankhulidwe ndi kumutchulitsa chigongono m'Chizulu kuti adziwe wobwera. Mapepala agogo anali nawo m'thumba. Anangotembenuka n'kubwerera kunyumba wapansi. Kuchokera tsiku limenelo kuchipatala kulikonse sanafunenso kupondako. Amayi ankangotenga kabokosi kakale n'kukagula mapiritsi omwewo kufamase, ndipo panalibenso wowayeza china chilichonse.

Nsapatozo zinali zakuda, za zingwe, ndipo ankazivala Lachisanu lokha. Masiku ena onse anali a masandasi. Lachinayi akaweruka ankazipaka polishi mpaka munthu n'kudziona mano, kenako n'kuziika pamwamba pa kabati ngati mbale za alendo. Nanga munthu akamakonda chinthu chotero pamaso panga, ine ndikanatani?

Lachisanu anyamata achisilamu amatilola kuchoka msanga kusukulu. Tsiku limenelo ndinafika anthu atalowa kale, nsapato zili mbwee pakhomo. Za agogo sizinkasowa, zinkawala zokha pakona. Ndinang'amba tsamba la zamasewero, ndinaumba timipira tiwiri, n'kutikankhira kumapeto ndi cholembera. Kenako ndinalowa n'kuswali bwinobwino ngati mwana woleredwa.

Potuluka ndinabisala kuseri kwa mzati. Agogo analowetsa phazi, linakana. Anayesanso, anagwira khoma, anadumphadumpha. Anzawo ena a ku Machinga, abambo ogulitsa zipatso pafupi ndi pamene iwo ankasokera, anawayang'ana nati, "A telala, mwayamba kukula tsopano? Mwachedwatu."

"Zafota ndi dzuwa," anatero agogo.

"Nsapato imafota ngati nkhwani?"

Atapisamo dzanja n'kutulutsa nkhope ya goloboyi wina itakwinyika, sanafunse n'komwe. Anangoyang'ana uku ndi uku mpaka anaona phewa langa kuseri kwa mzati. Kunyumba anandikoka khutu, koma ndinaona ndevu zikugwedera, ankabisa phwete. Sabata ina ndinabwereza ndi tizidutswa ta nsalu totola pansi pa makina awo omwe. Kenako zinanditopetsa. Kusukulu kunali kutabwera aphunzitsi atsopano oopa abuluzi, ndiye ntchito inandichulukira kumeneko.

Koma nsapato zinapitiriza kuthina zokha.

Poyamba agogo ankapisamo dzanja, osapezamo kanthu, n'kumandiyang'ana cham'mbali. Kenako anagamula kuti ndapeza nzeru ina. Mwina ndikuziviika m'madzi n'kuziyanika padenga. Mwina ndinazisinthanitsa ndi za munthu wina za saizi yaing'ono.

"Bwana," ankatero, poti ndi mmene ankanditchulira akafuna kundinyogodola, "nsapato zanga zenizeni zili kuti?"

Ndikanatha kunena kuti sindinazikhudze. Koma ndani angakane mbiri yabwino chotero? Ndinkangomwetulira n'kukweza mapewa. Anyamata a kumzikiti anayamba kundifunsa mmene ndikuchitira, ine n'kumawauza kuti ndi chinsinsi cha ntchito. Ndinkatamandidwa pa chinthu chongochitika chokha, ndipo zinkandikoma kwabasi.

Nthawi yomweyo agogo anayamba kunenepa. Mimba inatuluka, akakolo anadzaza, lamba anabwerera ku mabowo ake oyambirira. Panyumba panali chisangalalo. Amayi ankati ndi phala la soya limene anayamba kuwaphikira. Abambo a zipatso aja ankawagwira pamimba nati, "Joni yakuvomerani tsopano, a telala. Patsala galimoto." Agogo anamasula okha chiuno cha thalauza lawo akuimba chamumtima, ndipo anandiuza kuti ndiwajambule ataima cham'mbali kuti mimba ioneke. Chithunzicho tinatumiza kumudzi. Mayankho anabwera tsiku lonse, aliyense akuyamika Mulungu kuti madala apeza thupi. Chithunzi chimenecho ndikadali nacho m'foni. Sindichitsegula, komanso sindichifufuta.

Zina ndinkaziona ndine ndekha, chifukwa ndinkagona nawo malo amodzi ndi kuyenda nawo. Anayamba ndi kundilanda pilo. Kenako anatenga khushoni ya pampando. Mapeto ake ankagona chokhala, atatsamira khoma, ati akagona chagada mpweya wa ku Durban umawakhala pachifuwa chifukwa ndi wonyowa. Anali ndi kachifuwa kouma kosatha. Ndipo Sydenham, kwa amene simukudziwako, ndi zitunda zokhazokha. Pa chitunda cha kwathu, chimene kale ankakwera akundisiya m'mbuyo, tsopano ankaima pakati n'kuyamba kuyang'anitsitsa mpanda wa eni ake ngati akufuna kuugula.

"Taona njerwa izi mmene anaziyalira," ankatero, mawu akudukaduka.

"Dzulo munaziona kale, agogo."

"Lero ndikuona zam'munsi."

Kunyumba ndinkawayeserera, kuima pakati pa balaza n'kumasirira khoma ndikupuma wefuwefu. Amayi ankaseka mpaka kugwira m'nthiti, agogonso ankaseka, kuseka n'kusanduka chifuwa. Tsiku lina amayi analeka kuseka n'kufunsa ngati si mtima. Agogo anadzimenya pachifuwa ndi chikhatho.

"Mtima ukadwala umapweteka, mwanawe. Malume ako aja atadwala mtima ankabuula ngati mwana. Ine pano sindikumva kanthu. Ndi kunenepaku, miyendo siinazolowere katundu."

Amayi anavomera. Anali otopa, ndipo yankho limenelo linali lokoma kulimva.

Zinadzathera pa Lachisanu lina lotentha. Popita kumzikiti nsapato zija anali atazivala osamanga zingwe, koma potuluka ngakhale theka la phazi silinalowe. Anthu ankadutsa, ena akuseka poganiza kuti ndayambanso. Agogo anaponda kumbuyo kwa nsapato zawo zija, zimene ankazisamala ngati mazira, n'kuzikhwekhwereza mpaka kunyumba. Titalowa anadzigwetsa pampando, milomo itatuwa.

"Zakwana. Bweretsa nsapato zanga."

"Ndi zomwezi, agogo."

"Usandiyese mwana mnzako."

"Ndi zomwezi. Taonani kachigamba kamene munasoka nokha m'katimu."

Ndinagwada kuti ndiwaveke ndekha, aone. Nditagwira mwendo pamwamba pa kakolo, chala changa chinalowa ngati mu ufa wokanda wa mandasi. Nditachotsa, dzenje linatsala. Ndinadikira kuti libwerere, silinabwerere. Ndinadina lina pambali pake, kenako ndinakoka mzere pansi. Panatuluka kankhope komwetulira pamwendo wa agogo. Ndinaseka, n'kukweza mutu kuti nawonso aone. Iwo anali atatsinzina, akulimbana ndi mpweya, osadziwa n'komwe kuti ndikuwagwira. Ndinatsina chala chachikulu cha kuphazi, mwamphamvu ndithu. Sanasunthe.

Amayi atabwera ndinawaonetsa. Ndinadinanso dzenje lina iwo akuona. Anakhala pansi, chikwama chikadali paphewa.

"Ababa, mawa tikupita kuchipatala."

"Pita wekha."

"Awa ndi madzi, ababa, si thupi."

"Ndiye ndikaime pageti paja, ana ang'onoang'ono azikandiuza kuti nditchule chigongono m'Chizulu? Ndi imvi zonsezi? Ndikafa ndifera pamakina anga."

Amayi anachonderera, analira, anaitana abambo a zipatso, anaitana ngakhale ashehe. Onsewo agogo ankawayankha mwaulemu, kuwathokoza, n'kukhala pomwepo. Kuntchito anasiya kupita wapansi, kenako anasiyiratu kupitako. Apa ndi pamene ndinaona kuti anthu oona mtima alephera, yatsala ntchito ya ife.

Mwa makasitomala a agogo munali amayi ena a ku Lilongwe, anesi, okhala ku Queensburgh. Ankabweretsa madiresi a kwaya ya kutchalitchi kwawo, ndipo iwo ndi agogo ankanong'onezana Chichewa pakhonde paja ngati akugulitsana chamba. Nambala yawo inali m'foni ya agogo. Ndinajambula dzenje la pamwendo n'kuwatumizira. Anaimba nthawi yomweyo.

"Ubwere nawo lero lomwe."

"Sangalole, anti."

"Ndiye uwanyamule."

"Ndiwanamiza. Inu mungovomera zimene ndinene."

"Ine ndimaimba kwaya, iwe."

"Simunama inu, anti. Ndinama ndine. Inu muzingogwedeza mutu."

Ndinalowa m'nyumba ndikuthamanga, nkhope ili ngwee. Ndinawauza agogo kuti anesi aja aimba: anzawo onse a pawodi akufuna mayunifolomu atsopano, atopa ndi telala wawo wakale, ndipo akufuna munthu akawayeze lero lomwe, apo ayi ntchito ipita kwa wina wa m'tauni. Agogo anatsegula maso. Ntchito yaikulu chotero anali asanaigwirepo chibwerere ku Joni.

"Kuchipatala?"

"Mukupita ngati telala, agogo, osati wodwala. Akatichingamira okha."

Anaganiza. Kenako anati ndiwapatse tepi yawo yoyezera ndi choko. Anavala malaya oyera, tepi m'khosi, kofiya kumutu, kumapazi mapatapata a kubafa chifukwa china chilichonse sichinkalowa. Abambo a zipatso, amene ndinali nditawatsina khutu, anabwera ndi kagalimoto kawo konyamulira makatoni. Njira yonse agogo ankaganizira mtundu wa nsalu yoyenera, akupumira m'mwamba, n'kumandilangiza kuti ndikakhale ndi ulemu, ndisakayang'anitsitse anthu akamayezedwa. Sindinawaonepo osangalala chotero. Pa nkhani yonseyi, mbali imeneyo ndi imene sindiseka ndikaikumbukira.

Pageti panali mlonda yekha. Anesi aja anatipeza pakhomo akukankha njinga ya odwala.

"A telala, takhalani apa, ndi patali."

"Ndiyenda, mayi."

"Khalani, mungafike mutatopa n'kulakwitsa miyezo."

Anakhala. Anawalowetsa m'kachipinda, wina anawamanga choyezera pamkono, wina anawabaya pachala, wina akuwakweza malaya. Agogo anali akadagwira tepi. Anayang'ana anesi, anayang'ana ine. Ndinaona nkhope yawo ikuzindikira pang'onopang'ono, monga inachitira pakhomo la mzikiti paja.

Ndiye anayamba. Munthu amene zaka zonsezi ankangoti yebo ndi shapu anatsegula pakamwa m'chipatala chodzaza anthu, m'Chichewa chokweza chosakaniza ndi Chiyao. Ananditcha galu, mwana wopanda mwambo, tambwali, nati akatuluka andisoka pakamwa ndi makina. Ankaduka, kukoka mpweya, n'kupitiriza pamene analekezera. Odwala ena ankasuzumira. Madala ena achizulu pa bedi loyandikana anandifunsa kuti akuti chiyani, nditawamasulira anaseka nati zikundiyenera. Palibe amene anawafunsa za chigongono. Ine ndinali nditatsamira khoma, misozi ikutuluka ndi kuseka, mpaka anawaphimba pakamwa ndi chopumira mpweya, mawu n'kumamveka ngati ali m'chitini.

Adokotala anali amayi achitsikana ovala magalasi. Anawapaka agogo mafuta ozizira pachifuwa n'kuyendetsapo kachipangizo, ndipo pakanema panaoneka chinthu chotuwa chikutukuka ndi kutsika. Ine ndinkayesa mtima umaoneka wamphamvu, ngati chibakera. Wa agogo unkangogwedera mwaulesi, ngati munthu wokupiza mbaula tulo tili m'maso.

Womasulira ndinali ine. Agogo anasuntha chopumira chija nati, "Unene zimene akunena. Ukawonjezera ndidziwa."

Ndinanena zimene ankanena. Kuti shuga akakhalitsa m'thupi sawononga maso ndi mapazi okha, amaumitsanso mnofu wa mtima ndi kutseka timitsempha toudyetsa. Kuti mtima wawo watopa, sukukankha magazi mokwanira, ndiye madzi akutsalira m'mapazi, m'mimba ndi m'mapapo, n'chifukwa chake akubanika akagona chagada. Kuti zikuoneka kuti mbali ina ya mtimawo inavulala kale, mwina tsiku lina ali pamakina akusoka.

"Nanga bwanji sindinamve kupweteka?"

Adokotala analoza mapazi awo. Anati shuga yemweyo amene anapha kumva kwa kumapazi amaphanso mitsempha imene ikanawauza kuti pachifuwa pavuta. Achikulire a shuga mtima umatha kuwadwala mwakachetechete, chimene amaona ndi kutopa ndi kubanika basi. Agogo anayang'ana mimba yawo ija, imene kumudzi anaiyamikira. Anaisisita kamodzi n'kuchotsapo dzanja.

Kenako adokotala anafunsa kuti kutupa kunayamba liti.

"Afunse uyu," anatero agogo. "Ndi amene amadziwa za nsapato."

Ndinayankha zoona, kuti zinayamba kuthina kukuzizirabe, ndipo apa n'kuti tili pakati pa nyengo yotentha. Adokotala anausa moyo, nanena chapansipansi m'Chingerezi kuti akanabwera nthawi imeneyo pakanakhala zambiri zochita.

"Ati chiyani?"

"Ati nsapato zanu ndi zokongola."

Agogo anayang'ana mapatapata awo a kubafa ali pansi pa bedi. Kenako anandiyang'ana ine nthawi yaitali. Sanafunsenso.

Amayi anafika ataweruka, yunifolomu ya kuhotela ikadali m'thupi. Sanandikalipire, sanandiyamike. Anakhala pambali pa bedi atagwira phazi la bambo awo ndi manja awiri, phazi losamva kanthu lija, n'kumangoti, "Phala lija, ababa. Ine ndimati ndi phala."

Anawagoneka. Ndinkapitako tsiku lililonse ndikaweruka, koma masiku oyamba ankakana kulankhula nane. Ankalankhula ndi khoma. "Mnyamatayo auzidwe kuti madzi ali patali." Ine n'kuyankha khoma lomwelo kuti mnyamatayo wamva. Tepi yawo sanalole kuti ibwerere kunyumba. Tsiku lina ndinawapeza atakhala m'mphepete mwa bedi akuyeza mkono wa madala achizulu aja, akuwauza m'Chichewa kuti malaya awo anawasoka munthu wakhungu, madalawo akuyankha m'Chizulu, onse awiri akugwedeza mitu ngati akumvana. Atandiona anabisa tepi pansi pa pilo n'kubwezeretsa nkhope yokwiya.

Anawapatsa mankhwala okodzetsa, ndipo thupi lonse limene Joni inawapatsa linathera m'botolo la pansi pa bedi. Anatuluka ali owonda kuposa kale, thalauza lomasula chiuno lija atagwirizira ndi dzanja. Kumudzi ataona chithunzi chatsopano anaimba kufunsa amayi kuti madala mwawatani, chipatala chimenecho chawadya thupi. Amayi anayesa kufotokoza za madzi, kenako anangodula foni. Ife anatiuza zoti tizitsata: mchere pang'ono, madzi akumwa moyeza, mapiritsi atsopano, ndi kuyang'ana mapazi m'mawa uliwonse, akayambanso kutupa tibwerere osadikira. Anesi anandikokera pambali n'kundiuza kuti mtima ukafika pamenepa subwereranso mwakale, amangouchepetsera katundu. Ndinawafunsa kuti mpaka liti. Anangondikonza kolala ya malaya.

Lachisanu loyamba atabwerera kunyumba anati ndiwatsitsire nsapato pakabati. Kumbuyo kunali kutaphwanyika pamene anapondapo paja. Anawongola ndi chala, analowetsa phazi. Linalowa lonse, mpata n'kutsala.

Anandiyang'ana ngati wagwira mbala. "Waona? Wabweza."

Ankadziwa. Za madzi zija zimene adokotala ananena anazimva, ndinamasulira ndekha. Koma ndinaona kuti akufuna zikhale choncho, mlandu ukhale wa ine, mnyamata wopulupudza amene angathe kumukoka khutu, osati wa chinthu chimene chili m'chifuwa mwawo. Ndiye ndinamwetulira n'kukweza mapewa monga kale.

"Zinali padenga, agogo."

"Ndinadziwa ine."

Anaitana amayi kuti akhale mboni, naweruza milandu yonse pamodzi: nyuzipepala, tizidutswa ta nsalu, kubisa nsapato, ndi waukulu kuposa yonse, kunamiza munthu wamkulu za ntchito ya mayunifolomu mpaka kumunyamulitsa tepi. Chilango chinali chakuti kuyambira tsiku limenelo mapazi awo ndi ntchito yanga. Kuwerama kunkawabanikitsa, ndiye akamasamba pokonzekera swala mapazi ndizitsuka ndine. M'mawa ndisanapite kusukulu ndizidina chala pamwendo kuona ngati dzenje likutsala. Lachinayi ndizipaka nsapato polishi, Lachisanu ndiziwaveka ndi kumanga zingwe nditagwada, anthu onse akuona.

"Mpaka liti?"

"Mpaka ndidzanene kuti zakwana."

"Basi? Ine ndimayesa mundisoka pakamwa."

"Ulusi wanga ndi wa ntchito zabwino."

Chilangocho ndinkachigwira ndikuimba mluzu. Pakhomo la mzikiti ndinkagwada mokokomeza, abambo a zipatso n'kumati a telala alemba boyi. Nthawi zina ndinkamangirira zingwe za nsapato ziwirizo pamodzi, n'kumasula asanaimirire. Nditatulukira kuti akubisa mchere m'kachitini ka mabatani, ndinautaya n'kuthiramo ufa woyera, ndipo anauwaza pa nyemba zawo kangapo asanazindikire. Umenewo anati ndi mlandu wina, adzauweruza akapeza mpweya. Dzenje likayamba kutsala ndinkajambulapo kankhope kaja kenako n'kuimbira anesi, ndipo agogo ankakwera galimoto osakangana, tepi atasiya kunyumba. Tinabwererako kangapo. Ulendo uliwonse madzi ankachedwerapo kuchoka.

Anamwalira Lachiwiri lina m'mawa, kukuyamba kuziziranso, atakhala pampando wawo. Tsiku limenelo dzenje linali litatsala pang'ono, ndipo tinagwirizana kuti ndikaweruka tipita kuchipatala. Anati, "Kaphunzire, bwana, mapazi sathawa." Amene anadzanditenga m'kalasi ndi abambo a zipatso. Tinawaika dzuwa lisanalowe monga mwa chipembedzo chathu, kuno ku Durban, amayi atagwira foni kuti a ku Mangochi amve maliro akutuluka pageti. Posambitsa thupi akuluakulu anandilola kulowa, ndipo atafika kumapazi anasuntha n'kundisiyira malo.

Kuti zakwana sananene. Ndiye Lachinayi lililonse ndimatsitsa nsapato zija n'kuzipaka mpaka ndidzione mano. Amayi amati ndizipereke kwa munthu wosowa, ine ndimati sindingathe, ndili pachilango. Ndi chilango chopepuka, ndalandirapo zoposa apa kusukulu pa nkhani ya buluzi chabe. Chikopa chinayamba kupindika chifukwa chosavalidwa, ndiye abambo a zipatso anandilangiza kuti ndiziikamo kanthu kuti zisafote. Ndimaikamo nyuzipepala, tsamba la zamasewero.